Masipika Asanu a Alamu

Loweruka, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo ine ndanyansidwa.

Amayi anafika m'mawa pa matola kuchokera ku Chinguluwe kudzaonera tepi ya ukwati wanga. M'menemo muli malemu bambo akulankhula, ndipo chimwalirireni amayi sanamveponso mawu awo.

Alamu anga a Jafali, amene angobwera kumene kuchokera ku Joni, anakana zoti tionere pa TV yokha. Anatulutsa chimakina chawo cha masipika asanu. "Mlamu, ichi mawu amachita kukuzungulirani ngati muli pomwepo," anatero. Mawaya anadzaza pabalaza, sipika ina pawindo, ina pathumba la mpunga.

Tepi itayamba, bambo anaoneka ataimirira ndi jekete lawo lakuda, milomo ikuyenda, koma mawu zii. Masipika akumbuyo ankangolira ngati njuchi. A Jafali anasinthasintha mawaya, nadina mabatani onse, kenako n'kunena kuti vuto ndi tepi yathu, ati ndi yachimidzi, siyigwirizana ndi makina amakono. Anatero amayi ali pomwepo.

Ndinawapempha kuti achotse zonsezo. Iwo anati tidikire pang'ono. Anabweza tepiyo kambirimbiri mpaka inakodwa m'kati, n'kutuluka itadukira penipeni pamene pali bambo.

Amayi anaimirira. "Zimitsani, mwanangu. Ndawaona, basi."

A Jafali adya bwinobwino, ati mawa abweretsa waya wina. Amayi sanadye. Ndikuwamva kuchipinda akulongedza chikwama chawo, ndipo sindikudziwa kuti ndikalowa ndikanena chiyani.