Alamu Anu Akhulupirira Timasingano

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kaya mwendo wa bambo akunyumba kwanuko unapola? Kuno tikudzuka, koma kudzuka kwanga ndi kwa dzina chabe.

Matenda anga a kumwezi aja tsopano apezeka. Adokotala akuti ndi endometiriyosisi: nyama yonga ya m'kati mwa chiberekero yamera kunja kwake, mpaka yapanga chotupa pa thumba limodzi la mazira. Akufuna kundichita opaleshoni, koma sanabise kuti mwayi wobereka ungachepe. Amuna anga, alamu anuwa, atamva zimenezo sanafune n'komwe kumva za opaleshoni.

Ndiye kasitomala wina amene ndimamuluka tsitsi ku saluni anandilozera kwa mayi wobaya timasingano, zija amati akupankicha. Umagona pa kabedi kopapatiza, iye n'kukubaya timasingano toonda ngati tsitsi pamimba, m'miyendo ndi m'manja, kenaka n'kukusiya uli gone. Ine uja ndinkabisala kuseri kwa chitseko pothawa jakisoni, lero ndimagona ngati nungu. Musaseke.

Kunena chilungamo, zinathandizako. Mwezi woyamba sindinasanze, ntchito ndinagwira osakhala pansi. Ndinathamangira kuwauza alamu anu ndikusekerera. Iwo anangoti basi, za opaleshoni zatha, Mulungu wayankha. Pano amandiperekeza okha kwa mayiyo, amandidikira panja, ndipo auza kale apongozi kuti ndachira, ayembekezere mdzukulu. Paja walira mvula walira matope.

Achemwali, sindinachire. Mayi wa timasinganoyo anandiuza mosapsatira kuti iye amangochepetsa ululu, chotupa sangachichotse, ndisasiye kuchipatala. Mwezi uno ululu wabwerera. Lachiwiri ndinasiya kasitomala mutu uli theka, ndinakadzitsekera m'kachipinda ka mathaulo n'kumadzithowa pamimba ndi mpweya wotentha wa chowumitsira tsitsi. Madzulo alamu anu atandifunsa kuti zikuyenda bwanji, ndinati bwinobwino. Nkhope yawo ikawala ndi chimwemwe ndimalephera kuwauza zoona. Ndili ndi mantha, ndatopanso.

Mwana ndikumufuna, musaganize kuti ndataya mtima. Koma opaleshoniyo ndikuifunanso, ndipo adokotala akudikira yankho langa mwezi uno usanathe.

Chonde bwerani. Alamu anu si munthu woipa, kungoti sanandionepo ndikugubuduka pansi, chifukwa zikafika povuta ndimadzitsekera kubafa n'kutsegula mpopi kuti asamve. Inu ndi amene munkandibereka kumsana kuchokera kusukulu, diresi litaipa, anzathu akutiseka. Mudzawauze zimene munaona ndi maso anu. Ine ndikayamba kufotokoza, ndimathera kuwatonthoza iwowo.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako. Amayi musawauze kaye, vuto lawo la kuthamanga magazi mukulidziwa. Ambuye akusungeni, akupatseninso njira yoti mufike msanga.

Ine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi