Pamiyendo pa Amayi

6 Malichi 1489
Ntchito yapezeka, yogona chabe. A Bastiano ojambula aja akupanga chithunzi cha paguwa la tchalitchi chathu: Ambuye Yesu atawatsitsa pamtanda, ali pamiyendo pa amayi awo. Amafuna munthu wa nthiti zowerengeka. Akuti, "Iwe Nencio, sukulu inakukana, koma kufa umakutha." Zoona. Pamsika ndimanamizira kufa kawiri pa tsiku, anthu n'kumaseka. Malipiro buledi ndi nyemba. Zikomo Ambuye, njala yandipezera ntchito.

9 Malichi
Mtsikana woimira Maria pachithunzichi wathawa, akuti ndikununkha adyo. A Bastiano asankha amayi anga, poti nkhope yachisoni ali nayo kale. Bambo mfumu awapempha, avomera.
Chaka chathunthu osandilankhula amayi. Chiyambire tsiku lija ndinanamizira kumira mumtsinje, achimwene Meo n'kudumphiramo kudzandipulumutsa. Ine ndinatuluka ndikuseka. Iwo sanatuluke. Mbale yanga amaisiya pakhomo ngati ya mphaka.

12 Malichi
Kuzizira koopsa. Kansalu kokha m'chiuno, utoto wofiira m'manja ndi panthiti. Amayi andinyamula ngati thumba la makala la eni ake, maso ali kukhoma. Ndinayesako: "Amayi Maria, mwendo wachita dzanzi." Amayi sanandiyang'ane n'komwe. A Bastiano: "Mtembo sulankhula, chitsiru iwe."
Komabe amayi andigwira. Ndathokoza.

20 Malichi
A Bastiano akwiyira amayi. "Mayi Tessa, manja anuwo ndi abodza. Mwana sagwiridwa ngati nsomba yowola." Akuti likapita sabata lino zisanasinthe, apeza mayi wina. Ndaseka nawo. Koma amayi akachoka apa, adzandigwiranso liti?

24 Malichi
Lenti, kusala, mphepo. Ndinagona monga mwa masiku onse, kenako denga linayamba kuzungulira. Mdima.
Podzuka, nkhope yanga yonyowa. Amayi andikumbatira mpaka nthiti kulira, akuitana dzina. Langa, osati la achimwene. "Ngati ukunamizira, ndikupha ndekha." A Bastiano makala ali m'manja, kujambula ngati akuthamangitsidwa: "Musasunthe nonse awiri."
Sindinasunthe. Ndikanatha kukhala choncho mpaka Pasaka.

17 Epulo, Lachisanu Loyera
Chithunzi chili paguwa. Azimayi a m'tauni kulira, ena kugwada. Wogulitsa tchizi wandinong'oneza, "Ambuye athuwa anandibera dzulo." Kachidutswa chabe, bambo.
Nkhope si yanga, aikongoletsa. Koma manja aja ndi a amayi enieni, zala zitalowa m'mnofu. Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako, osatembenuka: "Waonda."

19 Epulo, Pasaka
Anzanga pamsika akuti tiferepo kamodzi tiseke. Ndakana. Kufa ndasiya.
Mbale yanga ili patebulo. Mpando wa achimwene ulipo, palibe waukhudza. Ndikufuna ndiwauze amayi za tsiku lija, zonse, popanda nthabwala. Sindikudziwa poyambira. Akuitana, akuti msuzi ukuzizira.