Mu Ambulansi Mulibe Malume

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kodi muli bwanji masiku ano, nanga bondo lija likukulolani kuyenda? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu, Amayi, musakane. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti ikupezeni mawa.

Ntchito ya mu ambulansi ndayamba kuizolowera. Magazi sakundichititsanso chizungulire, ndipo machira ndimanyamula osadandaula. Anandiika m'gulu limodzi ndi alongo anu, malume, iwo ndiye mkulu wa gululo.

Mwezi watha anatichititsa maphunziro masiku atatu. Wotiphunzitsa anali mayi wina wamfupi amene tinamupatsa dzina loti Wezulo chifukwa cha mawu ake. Anatiuza kuti nthawi zambiri zinthu zikalakwika pamakhala wina amene anaona, koma anachita manyazi kulankhula. Ndiye anatipatsa liwu limodzi lokha, loti imani. Aliyense, ngakhale wobwera dzulo, akanena liwuli onse ayenera kuchotsa manja pa wodwala mpaka amumvere. Anati mu ambulansi mulibe bwana, mulibe malume. Tinkakuwa liwulo pa chidole cha pulasitiki mpaka kusasa mawu, uku tikuseka. Ine ndinkakuwa kuposa onse, mumapadziwa pakamwa panga. Malume anakhala kumbuyo atapinda manja, ndipo pobwerera anandiuza kuti iwo anyamula anthu zaka makumi awiri osaimitsidwapo ndi mwana.

Lachiwiri la sabata yatha, masana, anatiitana pamalo pamene akumanga nyumba yosanja. Mmisiri wina anagwa kuchokera pamwamba. Tinamupeza ali chagada pamchenga, akulankhula bwinobwino, anzake atatizungulira n'kumakuwa kuti tifulumire. Nditamugwira dzanja anandiuza kuti zala zake zachita dzanzi. Amayi, ndinadziwa pomwepo. Munthu wotero sasunthidwa khosi lisanamangidwe, ndipo chomangira khosicho chinali m'galimoto, mapazi khumi okha kuchokera pamene tinali. Koma malume anali atamugwira kale m'khwapa.

Mukudziwa chimene chinatuluka pakamwa panga? Ndinati kapena mwina tikanayamba taona kaye khosi, ngati iwo akuona kuti n'koyenera. Motsitsa mawu, maso ali pansi, ndendende mmene munandiphunzitsira kulankhula ndi alongo anu. Iwo anangoti ndigwire miyendo. Ndinagwira.

Bambo uja mpaka lero miyendo yake sikugwedezeka. Madokotala sakunena ngati ndi kugwa kuja kapena kunyamula kwathu, mwina nawonso sakudziwa. Dzulo ndinadutsa pa wodi yake ndipo ndinapeza mkazi wake akumumwetsa madzi ndi supuni. Mayiyo ataona yunifolomu yanga anaimirira n'kundithokoza kuti tinabwera msanga. Ndinathawira kubafa, ndinalira ngati mwana.

Tsopano Lachinayi likubwerali atiitana kwa akuluakulu a kuntchito, aliyense akalowe payekha. Malume alemba kale lipoti loti khosi tinamanga tisananyamule, ndipo asiya malo oti ndisayine. Pepalalo analiika patebulo la pabalaza kunyumba kwawo, kumene ndikukhala, n'kulipsinja ndi makiyi. Latha masiku anayi lili pomwepo. Akazi awo akamapukuta tebulo amalizungulira.

Sakundikalipira ayi, bola akanandikalipira. Amangondikumbutsa mofatsa kuti ndi iwo ananditenga kwathu, kundiphunzitsa ntchito ndi kundipatsa pogona. Dalaivala wathu, amene anaona zonse, akuti iye maso ake anali pa galimoto, wabodza wachabechabe! Kuntchito ndikangolowa anthu amasiya nkhani. Lero m'mawa ndapeza chikwama changa chachikulu chija, chimene chinkakhala pamwamba pa kabati, chitatsitsidwa n'kuikidwa pakhomo la chipinda changa. Wina anachipukutanso fumbi. Sindinafunse.

Ndinapita kwa Wezulo kuti mwina andilimbitse mtima. Sanandisisite n'komwe. Anandifunsa ngati liwu lija ndinalinena, ndinati ayi. Anati ndiye ndikayambe ndi kunena cholakwa changa ndisanatchule cha munthu wina. Kenako anandifunsa kuti ndikasayina, munthu wotsatira amene tikamupeze ali chagada ndidzamugwira miyendo kapena ayi.

Malume si munthu woipa, Amayi, musaganize kuti ndawada. Ndawaona ndi maso angawa akubweza mpweya wa mwana amene tonse tinkati wapita. Koma tsiku lija analakwa, inenso ndinalakwa, ndipo amene wagona pabedi si ife.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti malume akuimbirani foni, mwina aimba kale, kuti mundilangize. Chonde musandiuze kuti ndisayine. Akuluakulu aja sindikuwaopa kwenikweni, ndipo malume ndayamba kutha kuwayang'ana m'maso. Koma inu mukangonena, ndikudzidziwa ine, ndidzatenga cholembera. Choncho mukandiimbira Lachinayi lisanadutse sindiyankha, ndipo musati mwana wayamba mwano. Ndikuopa mawu anu okha basi.

Mundiperekere moni kwa ababa, achimwene ndi alamu, ndi ana onse. Agogo musawauze kanthu kaye, malume ndi mwana wawo ndipo mtima wawo mukuudziwa. Chipinda changa chija cha kwathuko, ngati munaikamo katundu, muyambe kuchotsamo.

Ndatha ine mwana wanu,
Wapakamwa uja