Dzina la Mwana Wathu m'Buku la Nkhondo

Lolemba, 4 Malichi

Amunanga abwerako kudziko la nkhondo kuja. Kuonda kwake, kolala ya shati ikuchita kulendewera. Ndiyo ntchito yawo kuyunivesite, kufufuza chifukwa chake mfuti sizikhala chete ngakhale mayiko asainirane mtendere. Abwera ndi mawu a anthu ojambulidwa m'foni. Buku akulembalo likatuluka mwina awapatsa upulofesa, lendi n'kusiya kutifinya. Ambuye, mwawabweza ndi Inu.

Lachinayi, 7 Malichi

Masana ndikusita, ndamva dzina la malemu mwana wathu. Kuchokera m'chipinda chawo chowerengera. Mawu awo enieni. Chiikireni mwanayo m'manda sanalitchulepo, ngakhale popemphera. Ayironi yapsereza siketi.

Loweruka, 9 Malichi

Ndachimwa. Ndinaima pachitseko kumvetsera ngati mbala. Dzina, kenaka Chingerezi chambirimbiri, kenaka dzina. Kodi akulankhula naye? Alamu anga akuti, “Ophunzira kwambiriwa mutu umadontha, pitani nawo kwa abusa.” Ndinaseka nawo. Nsapato za kusukulu za mwanayo zikadali pansi pa bedi.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndawafunsa amunanga. Anavula magalasi, kupukuta, kupukutabe. Akuti ndi lamulo la kafukufuku: wakuuza zakukhosi sumulemba dzina lake lenileni, angamuphe. Umampatsa lina. Kumsasa wa othawa nkhondo anacheza ndi mtsikana amene asilikali osungitsa mtendere anakana kumutsegulira geti. “Amaluma kolala ya diresi akamaganiza, ngati wathu uja. Dzanja linangolemba lokha.”

Ndinakalipa. Mwana wanga nkhondo sanaione, anatisiya kuchipatala, m'manja mwangamu. Ndiye azikamutchula m'maholo anthu osamudziwa, makapu a tiyi ali m'manja?

Lamlungu, 17 Malichi

Kutchalitchi nyimbo inandikanika. Buku lipita kosindikiza Lachisanu. Akuti ndikakana asintha dzinalo, pakompyuta ndi batani limodzi basi. Batani limodzi, mwana n'kufufutika masamba onse. M'nyumba muno n'kubwereranso zii uja.

Ndiulule, Atate. Sabata yonseyi ndakhala ndikusita zovala zositasita kale, pafupi ndi chitseko chija. Ndimakwiya akalitchula. Akapanda kulitchula ndimadikira.

Lachinayi, 21 Malichi

Anandiitana. “Mayi, bwerani muone ndi maso anu ndikusintha.” Chala chili pabatani. Ndinawagwira dzanja, ndati ayambe andiwerengera kaye. Anawerenga akumasulira pang'onopang'ono, za geti, za mtsikana ataima panja ndi ndowa yake. Atafika padzina mawu anawathera.

Ndinalitchula ndine. Lilime lolemera, ngati mwendo wa dzanzi. Nthawi yonseyi ndimawaloza chala iwo kuti salitchula, kumachita kuwanenera kwa Inu m'pemphero. Chonsecho nanenso, chibwerereni kumanda kuja...

Batani sanadine. Akundiitana, akuti tipitirize tsamba lotsatira.