Sozibele Wasowa

Lachitatu, 14 Epulo 1982

Bambo amanga katundu. Akuti Meyi asanathe akhala atabwerera ku Ntcheu, chifuwa chawo chija chilipobe. Amayi akuti sapita: adzukulu ali kuno, anzawo a ku Ntcheu onse ali kumanda. Zaka zonsezi za banja, lero agawana masupuni.

Ndawafunsa bambo chathina n'chiyani. "Ndinalonjeza malemu mayi anga kuti sindidzafera ku Sozibele."

Lachisanu, 16 Epulo

Kusukulu aphunzitsi anzanga nkhani ndi imodzi: Lamlungu Salisbury, Sozibele wathuyu, asanduka Harare. Ndawauza bambo kuti boma langotitsanzira, ife a ku Nyasalande tinayamba kale kunena kuti ku Halale. Sanaseke. Atsokomola mpaka amayi anabwera ndi madzi, nkhope atayang'ana kumbali.

Lamlungu, 18 Epulo

Zachitika. Ng'oma tsiku lonse. Bambo pakhonde:

"Halale ndi komboni yathu ino. Akaipereka m'tauni, ife tikhala kuti?"

Mlongo wanga Dolly, Chishona chili patsogolo monga mwa masiku onse: "Tava kuMbare, baba." Ndiye kuti komboni ino tsopano dzina lake ndi Mbare.

Bambo: "Nthawi ya nkhondo apolisi akamagogoda kufuna zitupa, dzina la Halaleli linali lathu tokha. Lero lakoma."

Lolemba, 19 Epulo

Kukiliniki ati ulendo wa basi sangaupirire. Bambo ati namwinoyo ndi mwana.

Lachiwiri, 20 Epulo

Ndayesa uloya. Ndabwera ndi nyuzipepala: "Bambo, lonjezo lija linali la ku Sozibele. Tandilozerani Sozibeleyo. Mwachokako kale Lamlungu, muli chikhalire pampando."

"Kukoleji tinakutumiza kukaphunzira bodza?"

Amayi kukhitchini anaphulika kuseka, koyamba sabata ino. Bambo anatenga nyuzipepala ija, n'kuiwerenga nthawi yaitali, magalasi ali m'thumba.

Lachinayi, 22 Epulo

Ndikukonzekera za kusukulu, ndangoona bambo atuluka kuchipinda atavala suti ya kutchalitchi, tayi wopendama. Munthu amene anaphikira azungu ku Avondale mpaka imvi, osayendapo m'tauni ndi mkazi wake ngakhale tsiku limodzi.

"Amake Dolly, valani nsapato. Tikamuone Halale wathu amene atiberayo, ngati akumusamala."

Amayi anaima ndi tsache m'manja. "Nanga basi ya ku Ntcheu?"

"Ya m'tauni ndiyo itisiye. Fulumirani."