Waya wa ku Chipinda cha Esraa

Alexandria, 9 Febuluwale

Okondedwa achimwene Sabri,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi, bondo lija likuwavutabe? Kuno tonse tilipo. Mvula ya chaka chino yatitsekera m'nyumba, ndipo apongozi anga a Haji Shaaban akutsokomola monga amachitira nyengo yozizira iliyonse. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ndikufuna muimve kuyambira pachiyambi.

Mwana wanga Esraa wapeza ntchito. Ndi kampani ina yogulitsa mafiriji ndi makina ochapira, ndipo iye amayankha anthu oimba kudzadandaula, ali kunyumba konkuno pa kompyuta. Anamuuza zinthu ziwiri: chipinda chikhale chaphee, ndipo intaneti ifike pa waya, chifukwa yopanda waya ija imadula mawu.

Nyumba yathu mukuidziwa. Kabokosi ka intaneti kali pabalaza pafupi ndi khomo, pamene a Haji amaswera ndi kanema wawo. Malo aphee ndi kachipinda kaja ka kuseri kokha, kosungiramo anyezi ndi mabulangete. Pakati pa balaza ndi kachipindako pali chipinda cha a Haji.

Mlamu wanu Mamdouh anati ntchito yotereyi si yoitanira mmisiri. Anagula waya osayeza, ndipo anaperewera mikono iwiri. Wachiwiri anamudutsitsa pansi pa zitseko, chitseko cha kukhitchini n'kumutafuna tsiku lomwelo. Pamenepo ndinatsika ndekha kukaitana a Girgis, mmisiri wa magetsi amene amakhala nyumba ya pansi pathu.

A Girgis atayang'ana anati njira ndi imodzi yokha, kuboola makoma awiri a chipinda cha a Haji, poti kunja mphepo ya kunyanja imadya waya. A Haji anakana, ati nyumba yawo si sefa. A Girgis anawaseka kuti, "A Haji, kabowo kake n'kochepa kuposa ka dzino lanu lija mukukana kukazula." Iwo anayankha kuti, "Kudzamwa tiyi muzibwera, koma chitsulo chanu chobooleracho muzichisiya pa masitepe." Tiyi anamwadi, ntchito osagwirika.

Vuto silinali khoma. A Haji ananditsata kukhitchini n'kundiuza kuti mwana wamkazi sangamadzitsekere m'chipinda n'kumalankhula ndi amuna osawadziwa kuyambira m'mawa. Mamdouh sanafune kutsutsana ndi bambo ake. Anangoti tione.

Tsiku loti kampani imuyese, Esraa anakhala pabalaza pomwepo, pambali pa kabokosi. Tinazimitsa kanema. Koma wogulitsa gasi anadutsa mumsewu akumenya chitsulo chake, a Haji chifuwa n'kuwagwira, ndipo mayi wa ku kampaniyo anati chipinda chikapanda kupezeka pofika Lamlungu, malowo apatsa wina. Komabe anamulola kuyankha munthu mmodzi, bambo wina amene firiji yake inafa muli nyama ya ukwati wa mwana wake. Bamboyo anakalipa mpaka ife tonse tinkamumva. Esraa sanakweze mawu. Anamusiya amalize, anamufunsa mafunso atatu, n'kumuuza ola limene amisiri afike. Pomaliza bamboyo anamudalitsa, iye pamodzi ndi makolo ake.

A Haji anamva zonsezi ali pampando wawo. Lachisanu atabwera ku mzikiti anatuma Mamdouh kukaitana a Girgis. Analoza ndi ndodo pamwamba pa kabati, kutali ndi chithunzi cha malemu akazi awo, n'kunena kuti aboole pamenepo, ndipo fumbi likagwera pabedi achapa ndi mwini ntchitoyo. Kwa Mamdouh anati, "Mwana wakoyu amadziwa kuziziritsa munthu wokwiya. Sanatengere iwe ayi." Fumbi linagweradi, ndipo Esraa anachapa. Waya anadutsa m'mbali mwa denga mpaka kuseri. Anyezi tinawasamutsira pakhonde. Uno ndi mlungu wachitatu akugwira ntchito, ndipo nthawi ya ntchito ikakwana a Haji amachepetsa okha phokoso la kanema.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Tinagwirizana kuti nyengo yodula nzimbe ikatha tibwera kumudzi kudzachita chitomero cha Esraa ndi mwana wanu Wael. Achimwene, sitibwera. Ndamufunsa kawiri, masiku osiyana, tili awiriwiri. Akuti Wael sanamulakwire kanthu ndipo amamulemekeza monga msuweni wake, koma sakufuna kukwatiwa tsopano, ndipo sangasiye ntchitoyi n'kukakhala kumudzi. Ndinati nanga timuuze adikire chaka chimodzi. Anandiyankha kuti, "Amayi, musamangirire mwana wa amalume pa chinthu chimene ine sindinalonjeze." Bambo ake anamva, anakhala chete, ndipo mukudziwa kuti Mamdouh akakhala chete ndiye kuti walola.

Sindikukuuzani kuti wachita bwino kapena walakwa. Ndikudziwa kuti Wael wamanga kale zipinda ziwiri pamwamba pa nyumba yanu. Ndikudziwanso kuti nkhaniyi tinapangana ndife, inu ndi ine, anawo asanayambe n'komwe sukulu. Choncho mlandu ukhale wanga, osati wa mwanayo. Chibangili chimene alamu anamuveka pa chikondwerero cha Idi wachivula, wachikulunga bwino, ndipo tidzachitumiza ndi munthu wodalirika.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuuze Wael inu nokha, muli awiri, asanazimve kwa anthu a pamsika. Mukatero mupite kwa amayi, musawatumire munthu. Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola, koma ndikudziwa kuti kwa miyezi ingapo pakhomo panu dzina langa lizitchulidwa movutikira. Ndavomera.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka a bondo aja ndawapeza. Moni kwa alamu Sanaa, kwa achemwali Hoda ndi amuna awo, kwa azakhali Zeinab, ndi kwa ana onse a pakhomo. A Haji ndi Mamdouh akupereka moni. Moni wa Wael muyambe mwausunga. Mudzamupatse atamva kale, ngati angaulandire.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Fathiya