Mchira wa Ndege Unalowera Kuti

Edmonton, London
Novembala 2007

Okondedwa achemwali anga a Margaret,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu Jailos. Kaya muli bwanji kumeneko ku Bvumbwe? Nanga amayi maso aja akuwavutabe? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwayamba ndipo bondo langa layambiranso.

Alamu anu a Louisa akugwirabe kuchipatala, ine ndikukolopabe kunyumba ya okalamba kuja. Za mapepala anga palibe chatsopano. Pasipoti idakali ku ofesi, akuti ndidikire, choncho Khirisimasi inonso musandiyembekezere. Amayi muwauze pang'onopang'ono.

Pali nkhani ina, koma musaseke. A Paterson, okonza makompyuta a kutchalitchi kwathu, anandiikira masewera oyendetsa ndege pa kompyuta ya a Louisa. Muli mabwalo a ndege a dziko lonse. Chileka nayo ilimo, kungoti yopanda anthu, ndipo mapiri sanawajambule bwino. Ine zouluka ndimaopa. Chandikoka mtima ndi kathirakitala kamene kamakankha ndege chafutambuyo kuichotsa pamene yaima. Amati pushibaki. Paja ku esiteti kubweza ngolo ndi thirakitala inali ntchito yanga.

Poyamba kankangokankha molunjika n'kuisiya. Kenako a Paterson anawonjezera pulogalamu yoti munthu uzilemba wekha njira. Umaika timadontho pa mapu a bwalo, apa pokhotera, apa poimira, kathirakitala n'kumatsata. Ndinalakwitsa kambirimbiri. Ndikafuna kuti mphuno iloze kumanzere ndinkasankha kumanzere, osadziwa kuti pulogalamuyi imanena za mchira. Mchira ukapita kumanzere, mphuno imapita kumanja. Tsiku lina phiko linakalowa m'nyumba yodikirira anthu. A Paterson anaseka mpaka misozi, ati dalaivala wa ngolo wagumula Chileka yonse. Tsopano ndinamata kapepala pa kompyuta kondikumbutsa za mchira.

Chimene ndikuvutikira mukuchidziwa. Tsiku londiperekeza ku Chileka lija amayi anati akaima pakhonde la pamwamba n'kumakupiza duku lawo loyera la Mvano, ine ndiziyang'ana pawindo. Koma mpando wanga unali wa kumanja, ndipo ndege itatembenuka ndinangoona udzu ndi mpanda. Nditawauza pa foni anati zilibe kanthu, iwo anakupizira mawindo onse mpaka mkono kuwawa. Ine zimandipwetekabe. Tsopano mukuti akuona mwachimbuuzi, ndiye ndimaopa kuti pasipoti ikadzatuluka adzandizindikira ndi mawu okha.

Ndikufuna kukonza njira yoti windo la kumanja liyang'anizane ndi pamene anaima. Ndayesa kuika kadontho komaliza cha kumasitepe, ndayesanso kumapeto kwa khonde, koma mtima sukukhazikika chifukwa ndikungopenekera.

Pempho langa ndi limeneli. Mukhale nawo pansi amayi, mukumbutsane bwino za tsikulo. Kodi munaima mbali iti ya khonde, pafupi ndi masitepe kapena kumapeto? Kodi ndege inakankhidwa ndi thirakitala kapena inatembenuka yokha? Nanga mchira, osati mphuno, unalowera kumsewu kapena kuphiri? Chonde musangoyankha kuti chapakatikati. Ngati n'kotheka mujambule kuseri kwa kalata, muike mtanda pamene panaima amayi. Alamu a Weston akuthandizeni, paja analipo.

A Louisa amandinena kuti ndine woyendetsa ndege wosadziwa kumwamba, wongoikankhira m'mbuyo tsiku ndi tsiku, ngati kuti mafuta atha. Ndinawauza kuti ndege yonyamuka pa Chileka ndinakwerapo kale ndipo ndikudziwa kumene imafikitsa munthu. Yangayi ikafika poonekera khonde ndimamanga mabuleki, kuzimitsa injini, n'kukhala pawindo mpaka tiyi kuzizira.

Mundiperekere moni kwa alamu a Weston, kwa amalume a Biswick ndi azakhali, kwa ana anu onse ndi a Mvano anzawo a amayi. A Louisa akupereka moni wambiri. Amayi muwauze kuti duku lija asapatse munthu. Mtanda wanu ukangofika ndiimika ndege pompo, ndipo ulendo uno ndiwaona.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Jailos